Kusankha nsambo za gitala lamagetsi la nsambo 12: mafunso ndi mayankho

Gitala lamagetsi la nsambo 12 limakoma kulimva, koma tsiku logula nsambo zatsopano limazunguza mutu. Manambala apapaketi ndi ambiri, zitsulo zake n'zosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene munazolowera pa gitala la nsambo 6 zimene zimagwira ntchito kuno. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza magitala amagetsi okha. Magitala a acoustic, omwe amalira popanda magetsi, ali ndi nkhani yawoyawo.

Kodi nsambo 12 zimenezi zimachunidwa bwanji?

Zimakhala ziwiriziwiri, mapeyala 6, ndipo chala chimodzi chimadina peyala yonse nthawi imodzi. Mayina ake ndi omwe aja mumawadziwa kale: E, A, D, G, B, E. Pa mapeyala anayi a mawu otsika, omwe ndi E wamkulu, A, D ndi G, nsambo imodzi ndi yamasiku onse, pamene inzake ndi yowonda ndipo imachunidwa octave imodzi pamwamba pake, kutanthauza liwu la dzina lomwelo koma lokwera. Pa mapeyala awiri otsalawo, B ndi E wamng'ono, nsambo zonse ziwiri n'zofanana kukula ndipo zimachunidwa liwu limodzi.

Nsambo ziwiri, ngakhale muzichune mosamala chotani, sizinjenjemera mofanana ndendende. Kasiyanidwe kakang'onoko ndi kamene kamachititsa kuti gitala limodzi lizimveka ngati akuimba anthu awiri. Choncho pogula musamaganize za nsambo iliyonse payokha. Muziganiza za peyala, chifukwa khutu limamva ziwirizo pamodzi.

Manambala ngati 10-46 apapaketi akutanthauza chiyani?

Ndi kunenepa kwa waya, ndipo amayeza pogawa inchi imodzi m'magawo 1,000. Nsambo ya .010, imene oimba amangoti "10", ndi yonenepa pafupifupi kota ya milimita imodzi. Ya .046 imapitirira pang'ono milimita imodzi. Papaketi amangolemba nambala ya E wamng'ono ndi ya E wamkulu, zinazo mumaziona kuseri.

Tengani chitsanzo cha seti ya EXL150 ya kampani ya D'Addario, yomwe ndi imodzi mwa zodziwika kwambiri. E wamng'ono ndi .010 ziwiri, B ndi .013 ziwiri, G ndi .017 ndi .008, D ndi .026 ndi .012, A ndi .036 ndi .018, ndipo E wamkulu ndi .046 ndi .026. Mukayang'anitsitsa muona kuti nambala yoyamba ya peyala iliyonse ndi seti wamba ya 10-46 imene imaikidwa pa magitala a nsambo 6. Zowonjezerazo ndi zinzake zija.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mapaketi awiri akhoza kulembedwa 10-46 onse, koma nsambo za octave n'kukhala zosiyana. Tembenuzani paketiyo muwerenge manambala onse 12 musanalipire.

Ndiyambe ndi saizi iti?

Yambani ndi seti yoyambira pa 10, kaya yothera pa 46 kaya pa 42. Magitala ambiri amtunduwu amakonzedwa kufakitale poganizira masaizi oterewa, ndiye mipata ya pa nut (kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo pakati pa khosi ndi mutu wa gitala) ndi kakhalidwe ka khosi zimakhala zikugwirizana nawo kale.

Chifukwa chachikulu ndi mphamvu imene nsambo zimakokera khosi. Seti wamba ya 10-46 pa gitala la nsambo 6 imakoka ndi mphamvu yapafupifupi makilogalamu 45. Pa gitala la nsambo 12 mphamvuyo imawirikiza kawiri, kufika cha m'ma 90 kapena kuposera apo. Khosi limanyamula katundu ameneyu usana ndi usiku, ndipo chala chanu chimalimbana ndi mawaya awiri pamalo pamene chinazolowera kudina umodzi. Amene amaimba 11 kapena 12 pa gitala lake lina n'kumanena kuti nsambo zonenepa ndiye zimatulutsa mawu athunthu, asatengere maganizo amenewo kuno. Pa gitala ili mawu amadzaza chifukwa cha mapeyala, osati kunenepa kwa waya. Nsambo zolemera zimangokupatsani ululu pa ma chord a barre, amene chala chimodzi chimadina nsambo zambiri chopingasa, ndi khosi lopindika.

Kutsika saizi n'kololedwa. Kampani ya Ernie Ball ili ndi seti ya 8-40, ndipo munthu wa zala zosalimba kapena woimba maola ambiri akhoza kuikonda. Vuto lake n'lakuti nsambo zowonda kwambiri sizichedwa kukwera liwu mukadina mwamphamvu. Pa peyala, yowondayo imakwera kuposa inzake, ndipo chord imayamba kumveka yowawasa ngakhale gitala lachunidwa bwinobwino. Ngati dzanja lanu ndi lolemera, khalani pa 10.

Kodi kutalika kwa khosi kuli ndi gawo?

Inde, pang'ono. Chofunika ndi mtunda wochokera pa nut kufika pa bridge, pamene nsambo zimatsamira pa thupi la gitala. Magitala a Rickenbacker 360/12 ndi Gibson EDS-1275 ali ndi mainchi 24.75, pamene Fender Electric XII ili ndi mainchi 25.5. Mtunda ukatalika, nsambo yomweyo imafunika kuikunga kwambiri kuti ifike pa liwu lomwelo. Seti imene ikumveka yofewa pa gitala lalifupi imalimba m'zala pa lalitali.

N'chifukwa chiyani nsambo yowonda ya G imangodukaduka?

Funso ili amafunsa pafupifupi aliyense, ndipo nthawi zambiri wolakwa si woimbayo. Ambiri amaganiza kuti nsambo yokwera kwambiri pa gitalali ndi E wamng'ono, koma ayi. E wamng'ono amalira pafupifupi pa 330 Hz (kunjenjemera ka 330 pa sekondi), pamene G wa octave amalira pa 392 Hz. Ameneyu ndiye wokwera kuposa onse, ndipo amakungidwa pafupi kwambiri ndi malire amene waya wachitsulo wautali choncho angapirire. Mukangopitirira pang'ono pochuna, thibu!

Anthu amathamangira kugula yonenepako poganiza kuti ikhala yolimba. Apa pali chinthu chodabwitsa. Waya wonenepa ndi wolimbadi, koma umafunanso kukungidwa kwambiri kuti ufike pa G yemweyo, ndipo ziwirizi zimayenderana. Choncho .008, .009 ndi .010 zonse zimakhala pafupi ndi malire mofanana. Ubwino wa yonenepako ndi wakuti siigonja msanga ikakandika kapena ikayamba dzimbiri, komanso imamveka bwino m'peyala. Koma si mankhwala a vuto lonse.

Chothandiza kwambiri ndi kuona pamene nsamboyo ikudukira. Ikamadukira pa bridge nthawi zonse, pa saddle, kachidutswa ka pa bridge kamene nsamboyo imakhalapo, pali kachitsulo kakuthwa kofunika kupala. Ikamadukira kumutu, yang'anani kabowo ka kiyi yochunira, mwina m'mphepete mwake mwathwa. Ikamagwira pa nut n'kumalira "ting" pochuna, mpatawo ndi wothina. Kupaka pang'ono mtovu wa pensulo mumpatamo kumathandiza kuti wayawo uzitsetsereka.

Poikunga nsambo yatsopano, musaifikitse pa G kamodzin'kamodzi. Ikwezeni mpaka cha pa F, isiyeni kaye pamene mukuchuna zinzake, kenako muimalize pang'onopang'ono. Ndipo pogula seti, gulaninso nsambo ziwiri kapena zitatu zapadera za saizi imeneyi. N'zomvetsa chisoni kutsegula paketi yonse ya nsambo 12 chifukwa cha kawaya kamodzi.

G wamkulu akhale wokulungidwa kapena wosakulungidwa?

Nsambo yokulungidwa ili ndi waya wapakati wozunguliridwa ndi waya wina, pamene yosakulungidwa ndi waya umodzi wokha. Musanayankhe, werengani ma saddle a pa bridge yanu. Ngati alipo 12, nsambo iliyonse ili ndi pake pokonzera, ndipo mukhoza kusankha mmene mukufunira. Fender Electric XII, imene inatuluka mu 1965, inabwera ndi bridge yotereyi, ndipo Rickenbacker 660/12 nayonso ili ndi ma saddle 12. Koma magitala ambiri, kuphatikizapo 360/12 ndi 330/12 anthawi zonse, ali ndi ma saddle 6 okha. Nsambo ziwiri zimadutsa pa saddle imodzi, ndiye mukaisuntha kuti mukonze imodzi, mwasunthanso inzake.

Nkhani yagona pa kulondola kwa mawu mukamakwera khosi. Nsambo iliyonse ikadinidwa imatamuka pang'ono ndipo liwu limakwera. Kukwerako kumadalira kukula kwa waya wapakati, osati kunenepa kwa nsambo yonse. G wosakulungidwa wa .017 ndi chitsulo chokhachokha, ndipo amafuna saddle ibwerere m'mbuyo ndithu. Mnzake wa .008 amafuna ikhale kutsogolo. Awiriwa sangagwirizane pa saddle imodzi. Pa mafureti oyambirira (tizitsulo topingasa ta pakhosi) simumva kanthu, koma pofika cha pa fureti ya 7 kapena 9 amayamba kukangana.

G wokulungidwa, mwachitsanzo wa .020, ali ndi waya wapakati wowonda, wosasiyana kwambiri ndi nsambo ya octave. Awiriwo amafuna saddle ikhale pafupifupi malo amodzi. N'chifukwa chake seti ya Rickenbacker yeniyeni, ya 10-42, ili ndi G wokulungidwa. Kwa ine, pa bridge ya ma saddle 6 palibe zokambirana, tengani wokulungidwa. Mumangotaya mwayi wokoka nsambo m'mbali mosavuta, koma ndi angati amene amachita zimenezo pa gitala la nsambo 12?

Pa gitala langa yowonda ili pansi pa yonenepa, koma pa la mnzanga ili pamwamba. Ndani walakwitsa?

Palibe. Opanga ambiri amaika ya octave pamwamba, moti mukamenya chotsitsa pick (kokhwatchira nsambo) imayamba kukhudza yowondayo. Rickenbacker inatembenuza, ndipo pick imayamba kukhudza yonenepa, yowonda n'kutsatira. Kumva kwake n'kosiyana ndithu. Njira yoyamba imatulutsa mawu okwera poyera, pamene ya Rickenbacker imayamba ndi liwu lolemera kenako lokwera limabwera pambuyo pake.

Seti iliyonse ikhoza kuikidwa pa magitala a mitundu yonse iwiri. Chofunika n'kutsatira mmene mipata ya pa nut inadulidwira, osati dongosolo limene lalembedwa papaketi. Musanachotse zakale, jambulani mutu ndi bridge pa foni. Ngati mukufuna kutembenuza dongosolo, pakufunika nut yatsopano, nthawi zina ndi ma saddle omwe, chifukwa nsambo yonenepa siingalowe mumpata wa yowonda, ndipo yowonda imagwedera mumpata waukulu.

Ndingaike nsambo za acoustic? Ndi zimene zikupezeka mosavuta.

Zilowa ndipo zilira, koma simusangalala nazo. Pickup ya gitala lamagetsi, kachipangizo kamene kamatola kulira kwa nsambo, imagwira ntchito ndi maginito, ndipo imamva zitsulo zokhazo zimene maginito amakoka. Nsambo za acoustic zimakulungidwa ndi bronze, amene maginito sakoka, choncho pickup imangomva kawaya kapakati. Zotsatira zake n'zakuti nsambo za besi zimamveka chapansipansi, zosakulungidwa n'kumalira mokweza. Pa gitala limene kukoma kwake kumadalira kugwirizana kwa yonenepa ndi yowonda, kumeneko n'kuwononga zonse. Komanso maseti ambiri a acoustic ndi olemerapo.

Nanga pakati pa nickel ndi stainless steel?

Maseti ambiri amagetsi ndi achitsulo chokutidwa ndi nickel, ndipo kwa anthu ambiri amenewa ndi okwanira. A nickel weniweni, amene papaketi amalemba pure nickel, amalira mofatsa, mopanda kubaya m'makutu. Stainless steel ndi wakuthwa mawu, sachita dzimbiri msanga, koma ndi wokhakhala m'zala.

Kumbukirani kuti kusiyana kumeneku kumakhudza nsambo zokulungidwa zokha. Zosakulungidwa zonse ndi chitsulo chofanana, ndipo pa gitala ili zimakhala zoposa theka. Mawu okwera alipo kale ochuluka. N'chifukwa chake sindiona phindu lowonjezerapo stainless steel, pokhapokha ngati thukuta la m'manja mwanu limadya nsambo mofulumira.

Ndikufuna kulira kuja kwa magulu a m'ma 1960. Kodi ndi flatwound?

Gawo lina inde. Nsambo wamba, za roundwound, zimakulungidwa ndi waya wobulungira, n'chifukwa chake zili ndi timizere timene mumamva mukamatsetsereka. Za flatwound zimakulungidwa ndi kachitsulo kaphanthiphanthi ndipo n'zosalala. Zimalira mofatsa, sizichita phokoso la zala, ndipo zimakhalitsa.

Zingaoneke zosemphana kuti munthu wofuna mawu olira ngati belu asankhe nsambo zofatsa. Koma taganizani. Nsambo za besi zikafatsa, za octave zimapeza mpata womveka bwino, ndipo peyala iliyonse imamveka ngati mawu awiri osiyana osati chiphokoso chimodzi. Pa chifukwa chimenechi oimba ambiri a Rickenbacker amakonda flatwound za Pyramid za ku Germany kapena za Thomastik-Infeld za ku Vienna. N'zodula kuposa wamba, ndipo zina n'zolimba m'zala, choncho khosi lingafunike kukonzedwanso. Pali zinanso zapakatikati, zimene waya wake wobulungira amaufinya kuti usalale pang'ono. Seti ya Rickenbacker ndi yamtundu umenewu.

Komabe musayembekezere kuti nsambo zokha zichita zonse. George Harrison wa gulu la The Beatles analandira Rickenbacker 360/12 yake mu February 1964, ndipo kulira kwake kunakopa oimba ambiri, mmodzi mwa iwo Roger McGuinn wa gulu la The Byrds. Mawu otalika, osazima msanga, amene McGuinn amadziwika nawo anachokera kwambiri ku compressor, kachipangizo kofananitsa mphamvu ya mawu. Ngati muli ndi nsambo zabwino kale koma simukufikabe pamene mukufuna, yesani compressor ndi ampulifaya yoyera mawu musanagule seti ina.

Ndikasintha saizi, kodi gitala lifunika kupita kwa mmisiri?

Mukasintha kampani koma manambala ali pafupifupi omwewo, ayi. Mukakwera kapena kutsika saizi, kapena mukachoka ku roundwound kupita ku flatwound, yembekezerani kuti china chake chisuntha. Nsambo zolemerapo zimakoka khosi kutsogolo ndipo mawaya amatalikira mafureti. Zopepukapo zimalisiya libwerere m'mbuyo, mawaya n'kuyamba kukhudza mafureti ndi kuchita phokoso. Popeza nsambo zake ndi 12, kusintha kochepa pa iliyonse kumakhala kwakukulu mukaphatikiza.

Zimenezi zimakonzedwa ndi truss rod, chitsulo cham'kati mwa khosi, kenako kutalika kwa bridge ndi malo a ma saddle. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri khosi likhazikike musanakhudze chilichonse. Eni ake a Rickenbacker asamale kwambiri. Ambiri mwa magitalawa ali ndi ma truss rod awiri, ndipo pa akale khosi amaliwongola kaye ndi manja asanamange ma nati. Kungopotokola ngati pa gitala lina kukhoza kuwononga thabwa la mafureti. Gitala lakale lotere lipite kwa mmisiri amene amawadziwa.

Ena amati gitala la nsambo 12 lizichunidwa motsika. N'zoona?

Chizolowezi chimenechi chinachokera ku magitala a acoustic akale, amene ankavutika ndi kukoka kwa nsambo zolemera. Oimba ankatsitsa theka la sitepe (fureti imodzi) kapena sitepe yathunthu (mafureti awiri) n'kuika capo, kopanira nsambo pakhosi. Gitala lamagetsi labwinobwino, lokhala ndi seti ya 10, limapirira chuni chanthawi zonse popanda vuto. Kutsitsa theka la sitepe kumafewetsa nsambo ndipo G wa octave amapumako, choncho ngati mawu anu oimbira kapena gulu lanu likulola, palibe choipa.

Ndingaphatikize maseti awiri a nsambo 6?

Ayi. Mupeza B ndi E wamng'ono okwanira, koma A wachiwiri wa .036 sangakwere octave yathunthu, aduka kapena awononga khosi. Chotheka n'kugula seti imodzi wamba ndi nsambo 6 zapadera zogulitsidwa imodziimodzi, potsatira manambala onga aja tatchula pamwambapa. Njira imeneyi ndi yabwinonso kwa munthu amene akufuna kusintha peyala imodzi yokha, monga kuika G wokulungidwa mu seti imene inabwera ndi wosakulungidwa.

Mwa njira ina, nsambo 6 zowonjezera zija mukaziika zokha pa gitala wamba mumapeza chimene amachitcha Nashville tuning. M'situdiyo amajambula gitala lotere pamodzi ndi lanthawi zonse, ndipo awiriwo amamveka ngati la nsambo 12.

Njira yosavuta yosinthira nsambo zonsezi ndi iti?

Musachotse zonse nthawi imodzi. Sinthani peyala imodzi, ichuneni, kenako pitani pa ina. Khosi silidzidzimuka, ndipo simusokoneza kuti nsambo iti ipita pa kiyi iti. Pa magitala amene chogwirira nsambo chakumapeto chimangokoleka, monga chija chooneka ngati chilembo R pa Rickenbacker, mukachotsa zonse chimagwa ndipo chikhoza kukanda penti. Yalani kansalu pansi pake.

Nsambo yatsopano imakonda kuvuka kumapetoko pamene inu muli kalikiliki kumutu. Ikokeni, ipaneni ndi capo pakati pa khosi, ndiye manja onse awiri amasuka. Mutu wa Rickenbacker uli ndi makiyi 6 oyang'ana m'mbali ndi ena 6 oyang'ana kumbuyo, amene nsambo zake zimalowa m'ngalande. Pamenepo pamafunika kuleza mtima ndi kuonetsetsa kuti waya wina sukukhuza unzake.

Musazungulize waya wambiri pa kiyi. Kawiri kapena katatu n'kokwanira pa zokulungidwa, zowondazo onjezerani pang'ono kuti zisaterereke. Mukamaliza, kokani nsambo iliyonse mofatsa kuti itamukiretu, koma G wa octave mungomukhudza pang'ono.

Zisinthidwe pakapita nthawi yaitali bwanji?

Palibe kalendala yake. Zimadalira thukuta lanu, chinyezi cha kumene gitala limakhala, ndi maola amene mumaimba. Zizindikiro zake ndi dzimbiri pa nsambo zowonda, mawu ogonthera, ndi mapeyala amene akukana kugwirizana ngakhale mwachuna mobwerezabwereza. Litsiro limabisala pakati pa nsambo ziwiri za peyala, choncho mukatha kuimba lowetsani kansalu kouma pansi pa mawaya ndi pakati pake. Nsambo zokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala zimakhalitsa, ndipo pa gitala limene kusintha nsambo kumadya madzulo onse, mtengo wake wokwererapo umamveka. Ikaduka B kapena E wamng'ono imodzi pa seti yakale, sinthani zonse ziwiri za peyalayo, chifukwa yatsopano ndi yakale sizilira mofanana.

Ndaika zatsopano, tuner (kachipangizo kochunira) ikuti zonse zili bwino, koma ma chord akumvekabe okhota. Ndatani?

Choyamba, chunaninso. Mukamakunga nsambo imodzi khosi limasuntha pang'ono ndipo zinzake zimatsika, choncho pamafunika kuzungulira kawiri kapena katatu. Chunani nsambo imodziimodzi, inzake mutaigwira ndi chala kuti isalire, apo ayi tuner imasokonezeka. Nthawi zonse fikani pa liwu mochokera pansi. Mukapitirira, tsitsani kaye n'kukweranso.

Kenako siyani tuner, gwiritsani ntchito khutu. Chunani yonenepa ndi tuner, ndiye imbani peyala yonse n'kumasuntha yowondayo mpaka kugwedezeka kwa mawu kuja kutachepa. Ngati nsambo zosadina zikumveka bwino koma ma chord a pa mafureti atatu oyamba ndiwo akukhota, kawirikawiri vuto ndi nut yokwera kwambiri. Nsambo zimatamuka mopitirira mukamazidina, ndipo zowonda zimakwera kuposa zinzake. Mmisiri akhoza kuzamitsa mipatayo ndi tupa zake zapadera. Ngati vuto likuyamba mukadutsa fureti ya 7, bwererani ku bridge ndi ku funso lija la G wokulungidwa.